Lipoti la ngozi ya Sienta ndi lole ya fodya pamsewu wa Santhe

Nkhaniyi ikukhudza galimoto ziwiri. Ina ndi Toyota Sienta yonyamula anthu pakati pa Kamwendo ndi Kasungu, ina ndi lole ya matani atatu yomwe kalabu ina ya alimi inachita hayala kuti iwaperekere fodya ku okushoni ya Chinkhoma. Unali mwezi wa May, msika wa fodya uli pachimake. Loleyo inazimira pamsewu chakumadzulo, mukangodutsa Santhe pang'ono, chifukwa cha dizilo wakuda wogula m'zigubu amene anatseka fyuluta. Mdima utagwa, Sienta inaiwomba kumbuyo. Palibe anamwalira, koma anthu anayi anagonekedwa kuchipatala ku boma.

Apolisi anachita mbali yawo. Yotsala inali nkhani ya ndalama, chifukwa galimoto zonse ziwiri zinali ndi inshulansi yaing'ono ija yosalipira kuwonongeka kwa galimoto ya mwini wake. Eni ake anasankha kukambirana pamaso pa akuluakulu m'malo mothamangira kukhoti, ndipo anandipempha ine, monga makaniki amene ndimayezanso galimoto zangozi, kuti ndiyankhe funso limodzi: Sienta inkathamanga bwanji? Ndalemba njira yonse yomwe ndinatsata kuti anzanga a m'magalaja ndi anyamata amene akuphunzira ntchitoyi aone kuti tepi yoyezera, sikelo ndi masamu a Fomu 3 zimafika patali.

Zonena za mbali ziwirizi

Dalaivala wa Sienta ankati anali pa 50, mwina 60 basi. Kutsogolo kunkabwera galimoto ina, iye anatsitsa nyali, ndipo anangoona chimdima chachikulu chili poteropo. A lole ankati Sientayo inkauluka, pa 120 penipeni, ndipo umboni wawo unali wooneka ndi maso: kutsogolo kwa Sienta kunafwanyika mpaka pafupi ndi galasi, pamene lole inangopindika chitsulo chimodzi chakumbuyo. Kwa iwo, galimoto yophwanyika kwambiri ndiyo inabwera ndi ukali wonse. Mwini Sienta anautembenuza umboni womwewo: lole ndi chilombo, ndiyo inaphwanya galimoto yake, choncho ilipire. Onse ankaloza zitsulo zopindika. Palibe analoza pansi.

Zomwe zinali pamsewu

Ndinafika m'mawa mwake. Sienta anali ataikokera pambali usiku womwewo, koma lole inali pomwepo chifukwa injini sinalire, ndipo mabelo anali atayamba kuwasamutsira mu lole ina. Mwayi waukulu unali wakuti palibe anaisuntha. Handibuleki inali yokoka, giya ili mu wani, monga anaisiyira dalaivala. Msewu pamalopo ndi wowongoka, wopanda chitunda, ndipo mvula inali itasiya kalekale.

Chinthu choyamba chimene chinandikoka maso ndi mwala. Lole itazima, wothandizira dalaivala anapinga mwala kumbuyo kwa tayala lakumbuyo lakumanzere, monga timachitira tonse. Mwalawo unali pamalo pake, dothi lomwe unakanikiza likuoneka pansi pake, koma tayala linali litausiya. Kuchoka pamwala kufika pomwe tayala linaima panali masentimita 90. Pampata womwewo panali timizere tiwiri takuda tatifupi, tosonyeza kuti matayala akumbuyo sanagudubuzike koma anakhukhuluzika. Kumanja nakonso timizereto tinali ta masentimita 90. Ndiye kuti Sienta inakankha lole yodzaza, yomanga buleki, mtunda wosakwana mita imodzi.

Kumbuyo kwake kunali mizere ya Sienta, yakuda bii, yowongoka. Ndinaiyeza kuyambira pomwe inayamba kuonekera kufika pomwe inatambasuka mwadzidzidzi, pamene panagweranso matope ouma a kunsi kwa galimoto ndi magalasi a nyali. Pamenepo ndiye pomwe zinagundana, chifukwa kulemera konse kukathamangira kutsogolo matayala amaphwatalala ndipo mzere umakula. Ndinapeza mamita 22. Nthambi za mtengo zomwe a lole anaika ngati chenjezo zinali pa mamita 15 kuchoka pomwe lole inaima poyamba, zopondedwapondedwa. Tanthauzo lake n'lakuti dalaivala anaponda buleki asanafike n'komwe pa nthambizo. Sizinamuchenjeze chilichonse.

Wina angafunse kuti Sienta, yomwe ili ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kuuma ukaponda buleki mwamphamvu, inasiya bwanji mizere yakuda chotere. Nditagwada kunsi ndinapeza waya wa sensa ya tayala lakutsogolo lakumanja uli woduka, womangidwa ndi mphira kuti usalendewere, ndipo kanyali ka ABS pa dashibodi kanali komatidwa ndi tepi yakuda. Mabuleki ankagwira, koma ngati a galimoto zakale: ukaponda mwamphamvu matayala amauma gwa n'kumatsetsereka.

Kuti mizere ikuuzeni liwiro, muyenera kudziwa kuti phula la pamalopo limagwira tayala mwamphamvu bwanji. Ndili ndi chidutswa cha tayala chomwe ndinathiramo simenti, cholemera makilogalamu 10 ndendende. Ndimachikoka pamsewu ndi sikelo yokoleka, yomwe ija ya mavenda a mtedza, ndikuyenda mosathamanga, chingwe chili chogona bwino. Pambali pa mizere ya Sienta, muvi wa sikelo unkasewera pakati pa 6.5 ndi 7.5. Ndinatenga 7. Ndiye kuti phulalo limakaniza ndi mphamvu yokwana 0.7 ya kulemera kwa chinthu chotsetserekacho, zomwe zikugwirizana ndi zimene zimadziwika za phula louma. Mukachulukitsa 0.7 ndi 9.8, nambala ya mphamvu yokokera zinthu pansi ija, mupeza 6.9. Galimoto youmitsa matayala onse anayi pamenepo imataya liwiro la mamita 6.9 pa sekondi, sekondi iliyonse.

Kulemera sindinachite kuganizira. Ubwino wa fodya ndi wakuti belo lililonse limakwera sikelo likafika ku okushoni. Mapepala a kalabu anasonyeza mabelo 35, onse pamodzi makilogalamu 3,480. Lole yopanda katundu ndi 2,800 malinga ndi mapepala ake. Pamodzi tingoti 6,300, ndipo apa mwaona kale kuti inanyamula mopyola matani atatu. Munalibe munthu panthawiyo. Onse anali pambali pa msewu akuwotha moto. Sienta ya mtundu woyambawu, womwe unayamba kupangidwa mu 2003, imalemera pafupifupi 1,220. Munali akuluakulu asanu ndi awiri kuphatikizapo dalaivala, mwana wamng'ono mmodzi, ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 kumbuyo. Zonse pamodzi 1,700. Galimoto ziwirizi zitaphatikizana ndi makilogalamu 8,000.

Kuwerengera chobwerera m'mbuyo

Ngozi timaiwerenga kuyambira pomwe zinthu zinaima, n'kumabwerera. Zitagundana, boneti ya Sienta inalowa kunsi kwa bodi ya lole ndipo zinayenda ngati galimoto imodzi masentimita 90 aja. Chinaziimitsa n'chiyani? Matayala anayi a Sienta, ndi matayala akumbuyo a lole okha, poti handibuleki sigwira akutsogolo. Lole yodzaza imasenzetsa kumbuyo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake, amene ndi 4,200. Kuphatikiza 1,700 ya Sienta ndi 5,900 mwa 8,000. Choncho m'malo motaya 6.9 pa sekondi, zinkataya pafupifupi 5. Lamulo lake n'lakuti liwiro mukalichulukitsa ndi lokha limafanana ndi 2 kuchulukitsa ndi mlingo wotayira liwirowo kuchulukitsanso ndi mtunda. Apa ndi 2 × 5 × 0.9, yankho 9. Nambala yodzichulukitsa yokha n'kupereka 9 ndi 3. Zitangogundana, zinkayenda mamita 3 pa sekondi, ngati munthu wothamanga pang'onopang'ono.

Tsopano pakubwera momentum, kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake. Pakugundana, kumene kumatenga nthawi yosakwana kuphethira kwa diso, momentum yonse ya galimoto ziwirizo siwonjezereka ndipo siichepa, imangogawidwa mwatsopano. Mabuleki amakhala akukanizabe, inde, koma m'kanthawi kochepa chotero mphamvu yawo ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya zitsulo zikukankhana. Zitagundana, momentum inali 8,000 × 3, yomwe ndi 24,000. Zisanagundane lole inalibe ngakhale pang'ono popeza inali chiimire, ndiye 24,000 yonseyo inabwera ndi Sienta. Gawani ndi 1,700, mupeza mamita 14.1 pa sekondi. Pa sipidomita ndi makilomita 51 pa ola. Limeneli ndi liwiro lomwe inagundira, itatha kale kukhukhuluza matayala mamita 22.

Chotsala n'kubwezera zomwe mabuleki anadya. 14.1 kudzichulukitsa yokha ndi 199. Mizere ija ndi 2 × 6.9 × 22, pafupifupi 304. Pamodzi 503, ndipo nambala yodzichulukitsa n'kupereka 503 ndi 22.4. Mamita 22.4 pa sekondi ndi makilomita 80 pa ola ndi kakang'ono pamwamba. Popeza chidutswa changa cha tayala ndimachikoka ndikuyenda wapansi osati pa liwiro la galimoto, ndinawerengeranso ndi 0.6 komanso ndi 0.8 m'malo mwa 0.7. Mayankho anali 75 ndi 86. Mu lipoti ndinalemba kuti pakati pa 75 ndi 86, ndipo pothekera kwambiri ndi 80.

Mawu a mbali zonse ziwiri anagwa pomwepo. Galimoto ya pa 50 imaima m'mamita 14 paphula limeneli, ya pa 60 m'mamita 20. Dalaivala anali ndi mamita 22. Akanakhala pa liwiro lomwe ankanenalo akanaima osakhudza lole, n'kutsika kukawakalipira anthu a fodya. Sindikuti ankanama dala. Ambiri amakumbukira nambala yomwe anaiona komaliza, ndipo 50 ndi yomwe anagundira. Nayo 120 siingatheke. Ikanafika pa lole ili pa 102, ndipo lole ikanausiya mwala uja mamita atatu ndi theka, osati masentimita 90. Za anthu a mpando wakutsogolo sitikanakamba za chipatala.

Za kuphwanyika

Apa ndi pomwe ndinachedwapo kwambiri pofotokoza, chifukwa maso amakana. Lamulo lachitatu la Isaac Newton, lomwe linasindikizidwa mu 1687, limati chinthu chikakankha chinzake, chinzakecho chimabwezera mphamvu yofanana ndendende. Palibe galimoto yomwe inamenya inzake kwambiri. Tiyeni tione ndi manambala. Kutsogolo kwa Sienta kunalowa mkati masentimita pafupifupi 70, zomwe zikusonyeza kuti kufwanyikako kunatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. M'kanthawi kameneko Sienta inatsika kuchoka pa 14.1 kufika pa 3, kutaya 11.1. Kuchulukitsa ndi 1,700 n'kugawa ndi 0.1 kukupereka ma newton pafupifupi 189,000. Lole inakwera kuchoka pa 0 kufika pa 3. Kuchulukitsa ndi 6,300 n'kugawa ndi 0.1, yankho ndi lomwelo, 189,000. Ndi ngati kulemera kwa matani 19, mbali zonse ziwiri.

Chosiyana ndi pomwe mphamvuyo inagwera. Ku lole inagwera pa njanji za chesesi, zitsulo zokhuthala zomwe zinapangidwira kusenza katundu. Ku Sienta inagwera pa rediyeta, boneti ndi malata opyapyala. Mumenye dzira pamwala kapena mwala padzira, losweka ndi dzira, ndipo kuswekako sikukuuzani kuti chinkayenda ndi chiti. Komanso kutsogolo kwa galimoto zazing'ono za masiku ano anakupanga dala kuti kuzifwanyika. Sienta inafika ndi mphamvu ya kuyenda yokwana ma joule 169,000. Zitagundana zinatsala ndi 36,000. Ma joule 133,000 otsalawo anathera pa kupinda zitsulo. Akanapanda kuthera pamenepo akanathera m'matupi a anthu. Amakaniki anzanga amene mumawotcherera chitsulo cha njanji kutsogolo kwa tigalimoto iti kuti tilimbe, dziwani kuti mukufupikitsa kanthawi ka 0.1 kaja, ndipo kakafupika ndi theka, mphamvu yofika kwa okwera imawirikiza kawiri.

Mkati mwa Sienta zinthu zinatsata lamulo loyamba la Newton: choyenda chimapitiriza kuyenda mpaka china chichiimitse. Galimoto inataya makilomita 40 pa ola m'kanthawi kaja, ndipo aliyense wosamanga lamba anapitiriza ulendo yekha. Pa mlingo umenewo chinthu chilichonse chimakankha ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 11. Dalaivala anamanga lamba. Anatuluka ndi mkwingwirima pachifuwa basi. Mpando wa pambali pake anakhalapo anthu awiri opanda lamba, ndipo galasi lakutsogolo linali ndi malo awiri otukuka ngati ukonde wa kangaude pomwe panagunda mitu. Mmodzi anathyoka phewa. Mayi wina pampando wapakati anafungatira mwana wa makilogalamu 12. M'kanthawi kameneko mwanayo ankafuna mphamvu yogwira makilogalamu oposa 130, ndipo palibe manja omwe akanatha. Anapulumuka chifukwa anagunda kumsana kwa mpando wofewa. Mayiyo ankadziimba mlandu kuti anamutaya mwana, ndipo ndinapempha kuti nambala imeneyi amufikitsire. Thumba la chimanga lija linakankha mpando wakumbuyo ngati makilogalamu 550, loko wake anathyoka, ndipo bambo amene anakhala pamenepo ndiye anathyoka nthiti.

Ndani akanaipewa

Funso lomwe anandipatsa linali la liwiro, koma manambala omwewo amayankhanso lina. Munthu akaona choopsa usiku, pamapita sekondi imodzi ndi theka kuti azindikire, asunthe phazi, matayala agwire. Pa mamita 22.4 pa sekondi, galimoto imayenda mamita 34 buleki isanayambe. Kuphatikiza ndi 22 a mizere, dalaivala anaiona lole ili pa mamita pafupifupi 56, komwe ndi komwe nyali zotsitsa zimathera. Kuti aime kuchoka pa 80 ankafunika 34 omwewo ndi ena 36 a buleki, onse 70. Anaperewera mamita 14.

Ndinafufuza liwiro lomwe likanamukwanira m'mamita 56, ndipo ndi 69, tingoti 70. Pamsonkhano anthu anandiuza kuti ndibwereze, chifukwa zinkamveka ngati ndalakwitsa: pa 70 akanaima bampala itatsala pang'ono kukhudza, pa 80 anagunda ali pa 51. Kusiyana kwa makilomita 10 okha kunabala kugunda kwa 51. Zili choncho chifukwa mtunda woimira umakula ndi liwiro lodzichulukitsa lokha, ndipo galimoto imataya liwiro lambiri m'mamita omalizira. Mamita 14 omwe anaperewerawo ndi amene akanadya 51 yonseyo.

Lole nayo inali ndi zake. Zithunzi zomwe mmodzi wa alimi anajambula pa foni usikuwo zinasonyeza tenti yophimba mabelo italendewera mpaka kubisa nyali zakumbuyo ndi timapepala tonyezimira tija. Nditakweza tentiyo ndinapeza timapepalato tili ndi fumbi lokhuthala loti n'kulembapo dzina ndi chala. Batire inali itatha ndi kuliza sitata mobwerezabwereza, ndiye mahazadi sankayaka. Ma triangle munalibe. Chonyezimira chimabweza kuwala ngakhale nyali zili zotsitsa, ndipo chimaoneka patali kuposa mamita 100. Dalaivala akanakhala ndi mtunda umenewo, ngakhale pa 86 akanaima ndi malo otsala. Nthambi sizinyezimira, ndipo pa mamita 15 munthu wa pa 80 amazidutsa sekondi isanathe. Katundu wopyola muyeso sanasinthe zambiri pa kugundaku. ABS sindinaiike pamlandu wa mtunda, popeza paphula louma kusiyana kwake n'kochepa. Phindu lake lalikulu n'lakuti umatha kukhota uli pa buleki, koma kumanja kunali galimoto yobwera.

Tinakumana pabwalo la agulupu a deralo, eni galimoto onse alipo, komiti ya kalabu, ndi amalume ake a dalaivala. Ndinawerenga lipoti, n'kujambula mizere ndi mwala uja pansi ndi kamtengo. Mwini lole anandifunsa kuti, "Ndiye bambo, mwa mawu amodzi, wolakwa ndani?" Ndinayankha kuti kugamula ndi kwa agulupu, ine changa n'chakuti mbali iliyonse payokha ikanatha kuipewa ngoziyi: wina potsika ndi makilomita 10, wina pokweza tenti ndi kupukuta fumbi. Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Anagwirizana kuti ndalama zothandizira ovulala azigawane pakati, mwini lole akonze yekha chitsulo chake, ndipo apereke gawo limodzi mwa atatu la mtengo wokonzera Sienta, m'magawo awiri, fodya wa kalabu akagulitsidwa ndi hayala ikalipiridwa. Kalabu anaichotsa pamlandu chifukwa inangochita hayala.

Sientayo anaibweretsa kugalaja kwanga. Njanji zake zakutsogolo zinali zopindika mopitirira poti n'kuwongola, ndiye ndinakana kuzitenthetsa ndi gasi. Tinadula kutsogolo konse n'kuikapo kwa ina yomwe inagundidwa kumbuyo. Sensa ya ABS ndi loko wa mpando wakumbuyo ndinaziika pa koteshoni ngati zosakambirana, ndipo mwini wake anadandaula za mtengo koma analipira.